Masabata atatu, makilogalamu 30: kukonzekera ulendo wa kumpoto pa njinga yamoto

 Teremu yachitatu ikupita kumapeto, a Fomu 4 alemba kale mayeso awo, ndipo aliyense m'sitafu akunena za holide. Ena akupita kumudzi kukaona zokolola, ena akukonza nyumba. Ine holide ino ndikukwera njinga yanga yamoto kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Karonga, kudzera msewu wa m'mbali mwa nyanja, ndipo pobwerera ndidzadzera ku Viphya. Ulendo wonse ndi wa masabata atatu, makilomita pafupifupi 1,500 tikaphatikiza zopatukapatuka, ndipo usiku uliwonse ndizigona m'tenti. Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti munthu amanyamula chiyani paulendo wotere, ndiye ndati ndifotokoze zonse kamodzi.

Choyamba ndiyankhe funso la chifukwa chake. Ndakhala ndikuphunzitsa Jogalafe kwa zaka 17. Chaka chilichonse ndimajambula chigwa cha Rift Valley pabolodi, ndimafotokoza za mphepo ya mwera, ndimaonetsa mizere ya pamapu yothithikana pa Chiweta n'kunena kuti apa pali phedi loopsa. Ndiye pamapezeka mwana mmodzi, kawirikawiri wokhala kumbuyo, amene amakweza mkono n'kufunsa kuti, “Aphunzitsi, inuyo munafikako?” Pa Chiweta ndinadutsapo pa basi, usiku, nditapanikizika pakati pa matumba a mpunga. Kumeneko sikufika. Ndikufuna teremu ya mawa ndikadzaima kutsogolo kwa kalasi ndidzanene zimene maso anga aona ndi zimene khungu langa lamva.

Sikelo ndiye mfumu

Njinga yanga ndi ya 150cc, yofanana ndi zimene anyamata a kabaza amayendera. Buku lake limanena kuti isanyamule kupitirira makilogalamu 150, kuphatikizapo woyendetsa. Ine ndikavala zonse ndi helemeti yomwe ndimafika 78. Munthu angaganize kuti kwatsala malo a makilogalamu 70, koma katundu amakhala kumbuyo, pakaliyala, ndipo akachuluka tayala lakutsogolo limapepuka. Pamsewu wosalala simungazindikire, koma pamtunda wa miyala kapena pamchenga chiwongolero chimayamba kuyendayenda chokha, ndipo mabuleki amachedwa kugwira. Tonse tinaonapo wakabaza atanyamula matumba atatu a makala. Iye amapita makilomita khumi pamsewu womwe amaudziwa ngati chikhatho chake. Ine ndikupita kwachilendo, tsiku ndi tsiku, kwa masabata atatu.

Choncho ndinadziikira malire a makilogalamu 30, ndipo ndinabwereka sikelo yopachika kwa mnzanga wa Agriculture. Chilichonse chofuna kukwera njinga chimayamba chakwera sikelo. Ndinayala mphasa pabalaza n'kuunjika milu itatu. Mulu woyamba ndi wa zinthu zothandiza njinga kuti isafere panjira. Wachiwiri ndi wa zoteteza thupi langa ku ngozi, kuzizira, njala ndi matenda. Wachitatu ndi wa zinthu zimene mtima ukungozifuna. Mulu wachitatuwu ndi umene unali waukulu kuposa yonse, ndipo ntchito yaikulu ya kukonzekera yakhala kuuchepetsa. Pa chinthu chilichonse ndimafunsa mafunso awiri. Ndikachisiya, n'chiyani choipitsitsa chingachitike? Nanga kodi ndingachipeze kwa anthu panjira? Ngati choipitsitsa ndi kusowa mtendere pang'ono, kapena ngati chimapezeka pa tiledingi iliyonse, chimatsala.

Msewu umauza munthu zonyamula

Musanatsegule chikwama, tsegulani mapu. Njira yanga ikuyambira ku Lilongwe kutsikira ku Salima pamsewu wa M14, makilomita pafupifupi 100. Kuchoka apo ndi M5, kudzera ku Nkhotakota, Dwangwa, Chintheche mpaka Nkhata Bay, kenako kukwera kupita ku Mzuzu. Kuchokera ku Mzuzu nditenga M1, kutsika pa Chiweta, kuima pa Chitimba, kukwera ku Livingstonia, n'kutsikanso kupita ku Karonga. Pobwerera ndi M1 yokhayokha: Mzuzu, Chikangawa, Jenda, Kasungu, kunyumba.

Ana anga akale, kumbukirani phunziro lija la kutalika kwa malo. Lilongwe ili pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 470. Livingstonia ili mamita pafupifupi 900 pamwamba pa nyanja yathuyi, ndipo ku Chikangawa msewu umakwera kupitirira mamita 1,700. Tinaphunzira kuti ukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5. Ndiye kuti tsiku limodzi lomwelo ndikhoza kutuluka thukuta pa Chitimba masana, n'kumanjenjemera pa Khondowe usiku. Komanso mwezi wa Ogasiti uli pakati: chisanu sichinatheretu, chilimwe chayamba kusuzumira, ndipo mwera ukadali ndi mphamvu. Ku Mzuzu ndi ku Viphya nkhungu ndi kamvula kowaza zimabwera ngakhale nthawi imene kwathu kuno kuli fumbi lokhalokha. Munthu woti wanyamula zovala za kunyanja zokha adzalira ku Chikangawa.

Mapu amandiuzanso za malo ovuta. Msewu wakale wa Gorodi, wochokera pa Chitimba kukwera ku Livingstonia, ndi wa makilomita pafupifupi 15 okha, koma uli ndi makona 20 okhota ngati ndowe, ndipo m'malo ambiri ndi wa miyala. Palinso njira ina yodzera ku Njakwa, mbali ya Rumphi, koma ine ndikufuna Gorodi chifukwa ndi imene ndimaiphunzitsa. Malire a makilogalamu 30 aja ndinawaika ndikuganiza za msewu umenewu. Njinga ikagwa pakona, ndiyenera kuidzutsa ndekha.

Mulu woyamba: njinga

Njinga ndinaipititsa kwa makaniko kutatsala masabata atatu kuti ndinyamuke. Ndinachita dala kuti chilichonse chatsopano chiyambe chayenda masiku angapo kuno, komwe ndingabwerere nacho. Tinasintha matayala onse awiri, tcheni pamodzi ndi masipuroketi ake, mabuleki, oyilo ndi pulagi, n'kutsuka sefa ya mpweya. Tcheni ndi masipuroketi zimasinthidwa pamodzi chifukwa mano akutha amadya tcheni chatsopano msanga. Ndinakhala pambali pa makaniko nthawi yonse ndikufunsa mafunso ngati mwana wa Fomu 1, ndipo iye anasangalala kuphunzitsa mphunzitsi.

Zimene ndanyamula ndi izi: machubu awiri, la kutsogolo ndi la kumbuyo poti amasiyana, zigamba ndi guluu, pampu yamanja, zitsulo ziwiri zochotsera tayala, masipanala a 8, 10, 12, 14 ndi 17, sipanala ya pulagi, pulayala, sikuludiraiva, pulagi yapadera, cholumikizira tcheni, babu, mafyuzi, waya wofewa, tepi, ndi malegeni ambiri. Waya wa kilatchi wapadera ndaumangirira kale pambali pa wakale, motsatira njira yake, kuti ukaduka ndingolumikiza nsonga ziwiri. Oyilo ndanyamula lita imodzi, wothirira mu injini ndi wopaka tcheni madzulo alionse, chifukwa fumbi ndi mchenga wa kunyanja zimaumitsa tcheni.

Chida chimene sudziwa kugwiritsa ntchito ndi katundu chabe. Loweruka lililonse mwezi wathawu ndakhala ndikuchotsa tayala lakumbuyo pakhonde, kutulutsa chubu, kubwezera, kupopa, n'kumanga. Ana a m'nyumba zoyandikana amabwera kudzaonerera. Panopa ndimatha m'mphindi 30 popanda kutsina chubu ndi chitsulo. Zazikulu monga pisitoni kapena koilo sindinanyamule. Ubwino wa njinga yofala ndi umenewu: chifukwa cha kabaza, pafupifupi tiledingi iliyonse ili ndi mnyamata wa pansi pa mtengo amene injini yotere amaidziwa bwino, ndi kagolosale ka masipeya. Ntchito yanga ndi kutha kudzifikitsa kwa mnyamata ameneyo.

Nkhani ya mafuta ndaiwerengera payokha. Ndinadzaza thanki, n'kuyenda ndi katundu, n'kudzazanso, ndipo ndinapeza kuti lita imodzi imandiyendetsa makilomita pafupifupi 35. Thanki imalowa malita 12, ndiye papepala ndi makilomita 420. Ulendo wonse ukufuna malita 43, koma ndalama ndakonza za malita 55 chifukwa mitunda, mchenga ndi mphepo yochokera kutsogolo zimamwa mafuta. Amene tinaima pamizere mu 2011 ndi 2012, komanso mu 2022 ndi 2024, tikudziwa kuti kuona malo omwetsera mafuta sikutanthauza kuti mafuta alipo. Lamulo langa ndi loti thanki ikafika theka, ndimathira pamalo oyamba kupeza. Ndilinso ndi kachigubu kachitsulo ka malita asanu. Nthawi ya kusowa kwa mafuta malamulo ogulira m'zigubu amakhwima, ndiye ndimakadzaza potsitsa mafuta kuchokera m'thanki yanga kudzera pakapaipi ka pansi. Mafuta a m'mabotolo a m'mbali mwa msewu ndi a pamavuto okha, ndipo ndikawagula ndimawasefa ndi kansalu.

Mulu wachiwiri: thupi

Apa ndi pamene mayi a kunyumba anaika mawu awo, ndipo ali ndi ufulu. Tili ndi ana atatu, wamkulu ali ku koleji. Aliyense wa ife amadziwa munthu amene anakwera njinga yamoto m'mawa ali bwinobwino, madzulo ali kuchipatala atamumanga chikhakha, kapenanso zoposa pamenepo. Sindingawauze kuti ngozi kulibe. Chimene ndinachita ndi kukhala nawo pansi n'kugwirizana malamulo, ndipo tinawalemba pakope.

Loyamba, sindiyenda usiku. Mu Ogasiti dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, ndiye pofika 4 koloko ndiyenera kukhala nditafika pogona. Usiku pamsewu pamakhala mbuzi, ng'ombe, ngolo ndi njinga zakapalasa zopanda nyali, maenje osaoneka, ndi magalimoto akuluakulu amene magetsi awo amakuthobwa m'maso. Lachiwiri, sindipitirira makilomita 200 pa tsiku, ndipo liwiro lisadutse 70. Lachitatu, ndiziimba foni 5 koloko madzulo alionse kunena pomwe ndagona ndi komwe ndikupita mawa. Lachinayi, sindilawa chakumwa chilichonse choledzeretsa mpaka nditabwerako. Pepala la njira yonse, ndi masiku ake, lili pakhoma kunyumba.

Zovala zoyendera ndi helemeti yotseka nkhope yonse, yomanga pachibwano, jekete lolimba la kaunjika lomwe telala anasokerera zikopa m'zigongono, magolovesi, buluku la jinzi lokhuthala, nsapato zobisa akakolo, ndi kavesiti konyezimira. Kunyanja kukatentha mtima udzafuna kuvula jekete. Phula la pamsewu silisankha kuti kunja kukutentha, limasenda khungu chimodzimodzi. Zovala zina ndi zochepa: malaya atatu, kabudula, zamkati, masokosi, juzi imodzi yaubweya, chipewa cha mphepo, chovala cha mvula, ndi malaya amodzi aukhondo opitira kutchalitchi kapena kwa mfumu. Ndanyamulanso chitenje chimodzi, chomwe chikhala thaulo, pilo, mthunzi, ndiponso bandeji zitavuta. Kuchapa ndi tsiku lachitatu lililonse. Sopo sasowa kulikonse.

Mapepala ali m'kathumba kapulasitiki m'kati mwa jekete: laisensi, inshuwalansi, mapepala a umwini wa njinga, chiphaso chosonyeza kuti njinga ili bwino, ndi chitupa cha unzika. Mafotokope ake ali m'chikwama china. Pa rodibuloko munthu wa mapepala okwanira amapereka moni, n'kuonetsa, n'kumapita.

Pa za matenda, kunyanja malungo ndi enieni. Tenti yanga ili ndi neti yake, ndipo ndinaiyang'ana padzuwa n'kusoka timabowo tiwiri. Ndili ndi mafuta opaka othamangitsa udzudzu, ndipo madzulo ndizivala zamanja aatali. Malungo satulukira tsiku lomwelo, amatenga sabata kapena kupitirira, kotero akhoza kundipeza ndili ku Karonga kapena nditabwerako kale. Thupi likangotentha, ulendo uima kaye, ndikayezetse kuchipatala chapafupi ndisanamwe LA. Likodzo nalo lilipo, makamaka m'madzi odekha a m'mabango momwe nkhono zimaswana. Posamba ndisankha malo a mafunde, ndipo pakatha miyezi iwiri nditabwerako ndidzapita kukayezetsa. M'kabokosi ka mankhwala muli mabandeji, pulasitala, mankhwala otsukira chilonda, opha ululu, opaka pakupsa chifukwa ekizozi siseka ndi mwendo, ndi timapaketi ta ORS.

Pogona ndi pophika

Tenti ndinaigula pa kaunjika, ya anthu awiri, kuti katundu azigona nane m'kati. Ndinaimanga pabwalo n'kuithira madzi ndi kheni yothirira dimba kuti ndione podontha. Zikhomo zake zinali zazifupi, zosagwira pamchenga, ndiye wowotcherera zitsulo anandipangira zinayi zazitali. Mwera umachokera kum'mwera chakum'mawa ndipo usiku umatha kukula, choncho khomo la tenti limayang'ana kwina, ndipo zingwe zonse zimamangidwa ngakhale madzulo kukhale bata. Bulangete lathu la kunyumba linakana pasikelo, linadutsa makilogalamu awiri. M'malo mwake ndinapeza thumba logonamo lolemera kilogalamu imodzi. Pansi ndiyala kamatiresi kopyapyala ka siponji yolimba. Ambiri amaganiza za chofunda n'kuiwala kuti kuzizira kwambiri kumachokera pansi.

Malo ogona ndawagawa patatu. Kuli malo olipira omwe amalola matenti, monga ku Senga Bay, Chintheche, Nkhata Bay, Chitimba ndi pafupi ndi mathithi a Manchewe. Kumeneko kuli madzi, chimbudzi ndi mlonda, koma mitengo yake ina amaiwerengera m'madola, ndiye malipiro a mphunzitsi sangakwanitse usiku uliwonse. Kuli masukulu kumene anzanga a ku koleji akuphunzitsa, ndipo anayi andilola kale kumanga tenti kuseri kwa nyumba zawo. Kwina ndi m'midzi. Kumudzi munthu samangofika n'kukhoma zikhomo. Umazimitsa injini, kuvula helemeti kuti nkhope ioneke, kufunsa kwa a mfumu, kudzifotokoza, ndipo iwo ndi amene amaloza malo. Ndanyamula timapaketi ta mchere ndi shuga toperekera zikomo. Pathengo pandekha sindigona, ndiponso pafupi ndi pomwe mtsinje ukuthira m'nyanja sindimanga tenti, chifukwa ndi malo a ng'ona ndi mvuu. Safunsa anadya phula, ndiye asodzi ndiwo adzandiuze posamba.

Khitchini yonse ikulowa m'poto mmodzi: kapu, mbale, supuni, mpeni, kamthiko kodula, machesi a m'kabotolo. Mbaula ndi makala n'zolemera. Mnzanga wa Physical Science anandipangira kachitofu ka zitini ziwiri za zakumwa koyaka ndi sipiriti, ndipo kamawiritsa madzi a tiyi bwinobwino. Nsima ndidzaphika pamafuwa a eni malo. Moto wa patchire ayi. Mu Ogasiti udzu ndi wouma, ndipo nkhalango ya Chikangawa yapsa kokwanira popanda ine kuwonjezerapo.

Chakudya chonyamula ndi ufa makilogalamu awiri, mchere, shuga, masamba a tiyi, kabotolo ka mafuta ophikira, mtedza wokazinga, ndi mapaketi awiri a nyama ya soya a tsiku lovuta. Zina zonse zili panjira, ndipo ndi mbali ya phunziro. Kunyamula ndiwo popita kunyanja n'chipongwe kwa usipa. Ku Nkhata Bay kuli batala ndi kondowole, ku Karonga kuli mpunga wa Kilombero ndi mbalagha. Madzi ndi amene amalemera mosanyengerera, lita imodzi kilogalamu imodzi. Ndinyamula malita anayi m'mabotolo awiri, kudzaza pamjigo, ndipo a pachitsime kapena a m'nyanja ndithira mankhwala a kolorini n'kudikira mphindi 30.

Mulu wachitatu

M'mulu uwu munali wailesi, kampando kopinda, mabuku atatu, nsapato zachiwiri, ayironi yamakala yaing'ono, ngakhalenso suti, poganiza kuti mwina ndingakumane ndi mwambo panjira. Zonsezi zatsala. Wailesi ili kale m'foni. Mpando ndi mwala kapena bwato lofulatira. Mwambo ukandipeza, malaya aukhondo aja akwana. Ndikapeza masamba atayalidwa pamsewu, ndidzachepetsa liwiro n'kudutsa mwaulemu monga timachitira pamaliro, ndipo ulemu umenewo sufuna suti.

Zapulumuka zinayi zokha, ndipo zonse ndi za kalasi. Kope lachikuto cholimba ndi mapensulo. Kampasi. Mapu a pepala, chifukwa batire imatha ndipo netiweki imasowa m'zigwa. Ndi choyezera kutentha chimodzi chomwe ndasainira ku labu. Tsiku lililonse 6 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 6 koloko madzulo ndizilemba kutentha, komwe mphepo ikuchokera, ndi kutalika kwa malo. Manambala amenewo ndidzawapereka kwa a Fomu 3 kuti ajambule okha magirafu, aone ngati madigiri 6.5 a m'buku aja akugwirizana ndi zimene zimachitika pakati pa Chitimba ndi Khondowe. Zikagwirizana, bwino. Zikasiyana, phunziro lidzakoma kwambiri, chifukwa tidzafunsa chifukwa chake.

Anzanga a History nawo andipatsa ntchito. Ku Nkhotakota ndikajambule mtengo umene David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe mu 1863. Ndikaime pa Bandawe, pomwe mishoni ya Livingstonia inasamukira mu 1881 kuchoka ku Cape Maclear, kenako ndikwere ku Khondowe komwe Dr Robert Laws anaikhazika mu 1894. Amishoni aja ankathawa malungo a m'mbali mwa nyanja, ndiye kusamuka kwawo ndi phunziro la Jogalafe lomwe. Ku Karonga kuli nyumba yosungiramo zakale yomwe inatsegulidwa mu 2004, momwe muli chithunzithunzi cha mafupa a Malawisaurus, ndiponso manda a asilikali a nkhondo ya mu Seputembala 1914. Zonsezi foni idzajambula. Yamagetsi ndaika poitchajira panjinga pomwepo, ndili ndi pawabanki, ndi masimukhadi a makampani awiri. Ndalama ndazigawa patatu: zochepa m'thumba, zina m'malo obisika, zambiri m'foni.

Kumanga katundu

Pomaliza sikelo inanena motere:

Zida ndi masipeya, makilogalamu 6
Mafuta apadera ndi chigubu chake, 5
Oyilo, 1
Tenti, thumba logonamo ndi kamatiresi, 4.5
Zovala, 3
Zophikira ndi chakudya, 4.5
Madzi, 4
Mankhwala, mapu, kope, tochi ndi zamagetsi, 2

Zonse pamodzi 30.

Kamangidwe kali ndi nzeru zake. Zolemera zimakhala pansi ndiponso pafupi ndi pakati pa njinga. Telala anandisokera zikwama ziwiri za lona zolendewera m'mbali, ndipo wowotcherera anaika tizitsulo toti zisakhudze tayala kapena ekizozi. Zikwamazi ndimaziyeza kuti zifanane kulemera. Chigubu cha mafuta chili mbali yopanda ekizozi. Tenti ndi zogonera, poti n'zopepuka, zili pampando wakumbuyo, ndipo zimandithandiza kutsamira. Mankhwala, chovala cha mvula ndi zida za pankichala zili pamwamba, pofikira popanda kumasula zonse. Zovala ndi mapepala zili m'mapulasitiki olimba m'kati mwa zikwama. Nsonga iliyonse ya legeni imabisidwa, chifukwa yolendewera ikalowa m'masipoko imagwetsa munthu. Katundu akakwera, ndimawonjezera mpweya m'tayala lakumbuyo monga buku likunenera, kulimbitsa mashoko, n'kutsitsa nyali pang'ono popeza kumbuyo kukalemera imayang'ana kumwamba.

Sabata yatha ndinayesa zonse. Ndinamanga katundu ngati tsiku lenileni, kupita ku Dedza, kugona kuseri kwa nyumba ya mnzanga, kuphika, kumasula, n'kubwerera mawa lake. Dedza ndinaisankha dala chifukwa cha kuzizira kwake. Thumba logonamo pamodzi ndi juzi ndi chipewa zinakwana. Kumanga tenti kunatenga mphindi khumi, kulongedza m'mawa mphindi 40. Malegeni amafuna kukokedwanso ukayenda makilomita 20 oyamba, katundu akakhazikika. Aliyense wofuna ulendo wotere ndikumulangiza usiku umodzi woyeserawu, pamalo pomwe angabwerere pa minibasi zitakanika.

Chomwe sichikwera sikelo

Ndikayang'ana makilogalamu 30 amenewa ndimaona kuti ndi ochepa kwambiri pa moyo wa masabata atatu. Akukwana chifukwa zotsalazo ndikudalira anthu: makaniko wa pansi pa mtengo, mayi wogulitsa nthochi, mfumu yoloza pogona, dalaivala wa minibasi wondiuza kuti kutsogoloku mlatho uli bwanji. Amene safuna kupempha kanthu kwa munthu ayenera kunyamula nyumba yonse, ndipo njinga ya 150cc singamunyamule. N'chifukwa chake madzulo ano, m'malo mogula zinthu zina, ndikuloweza moni wa Chitonga, Chitumbuka ndi Chinkhonde. “Yewo” ndi “ndagha” ndazigwira kale. Ana a kumpoto a m'kalasi mwanga akundiphunzitsa zotsalazo, ndipo akuseka katchulidwe kanga mpaka misozi.

Inu ana anga akale amene muli ku Salima, Dwangwa, Mzuzu, Chilumba, Karonga kapena Kasungu, ena ndinu anamwino, ena apolisi, ena aphunzitsi ngati ine. Mukaona njinga yakuda ya zikwama ziwiri za lona ndi munthu wa imvi wovala kavesiti konyezimira, imikani. Sindifuna nkhuku kapena bedi. Kamalo ka mamita awiri komanga tenti, ndowa ya madzi, ndi nkhani za komwe moyo wakufikitsani, basi. Apolisi inu, mapepala onse ali m'malo, musavutike.

Ndinyamuka Lolemba loyamba sukulu zikatsekera, 6 koloko m'mawa, ndipo Mulungu akalola ndidzabwera kutatsala sabata kuti titsegulire, nthawi yolemba masikimu. Aphunzitsi anzanga a Jogalafe amene mukufuna manambala a kutentha aja, ndidzawalemba bwino n'kugawana nanu. Mutikumbukire m'mapemphero, ine ndi mayi a kunyumba amene azidikira foni ya 5 koloko. Tsalani bwino, ndipo holide yabwino kwa nonse.